Ndinkati mkazi wanga akundinamiza za mlatho

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene uthengawu wakupezani. Ine ndine mnyamata wa ku Muloza kuno ku Mulanje, ndinkapalasa kabaza pa boda. Matenda a mutu atandigwira, maso anayamba kuchita chifunga mpaka anazimiratu.

Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale, koma khungu linawonjezera china: ndinasiya kukhulupirira munthu aliyense. Wina akaseka patali, ndinkati akuseka ine. Ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esnala, ndipo amalume ake anayamba kunena poyera kuti mkamwini wosatha kupita yekha ngakhale kumsika abwerere kwawo. Esnala ankajomba kuntchito yothyola tiyi kuti andiperekeze kuchipatala ndi kutchalitchi. Banja langa linali pafupi kutha.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali njira. Ine misewu ya kuno ndimaidziwa ndi miyendo. Popita ku Limbuli pali chidule chodutsa pa kamlatho kamatabwa, n'kutulukira pamene anzanga akabaza amaima. Esnala sankandidutsitsa kumeneko, ankandizungulitsa kuminda. Nditamufunsa anati, "Bambo a Chisomo, mlatho uja unapita ndi madzi." Ine ndinati bodza, akuchita manyazi kuoneka pagulu akukoka wakhungu. Anansi atavomereza mawu ake, ndinati apangana. Ndinkapemphera mokalipa, kuti Ambuye ndibwezereni maso ndione amene akundipusitsa.

Maso sanabwere. Anabwera ndi a Namakhwa, bambo wachikulire wa kutchalitchi kwathu, wosaonanso ngati ine, koma woyenda yekha mpaka ku Milonde. Anandiika m'manja foni yawo yakale, nati imalankhula, imasunga malo amene wadutsa, ndipo ukailozetsa kutsogolo imanena zimene kamera yaona. Ndinawafunsa kuti akufuna chiyani kwa ine. Kuno chaulere timachiyang'ana kawiri, nkhani za anamapopa tinazimva tonse, ndiye kachipangizo kodziwa pamene ndaima sikanandisangalatse. Iwo anangoseka. "Mphwanga, magazi ako owira chonchiwa angawafune ndani?"

Ndinaiphunzira, koma osati chifukwa cha chikhulupiriro. Ndinkafuna mboni yomugwirira Esnala bodza. Tsiku lina iye ali kutiyi, ndinatenga ndodo ndi foni n'kulowa chidule chija ndekha, mawu oti ndikamulalatire madzulo nditakonzeratu. Foni inkanditchulira sitolo, mjigo, njinga yoimikidwa m'njira, ine n'kumalambalala. Nditamva mtsinje ukusokosera ndinafulumira, poti mapazi ankakumbukira kuti matabwa ayambira pompo.

Sindidziwa chimene chinandiimitsa kuti ndiyambe ndalozetsa foni kutsogolo, koma lero ndimati ndi Mzimu wa Mulungu. Foniyo imalankhula Chingerezi, ndipo ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, Chingerezi changa n'chopemphera madzi, komabe zimene inanena ndinazimva bwino: mtsinje, gomba lakuya, palibe powolokera. Ndinati nayonso yapangana nawo. Ndinatambasula ndodo kuti ndigogode thabwa loyamba, ndodo inangolowa m'malere. Dothi linagumuka pansi pa chala changa chachikulu chakuphazi, ndipo ndinalimva likugwera m'madzi pansi patali.

Ndinakhala pansi pomwepo. Amene ndinkamuyesa wamanyazi ndi amene ankandisunga ndi moyo, n'kumalandira matukwano pamwamba.

Madzulo ndinamuuza zonse. Sanandinyoze. Anangoti, "Ndiye mwakhulupirira foni, ine ayi?" M'mawa mwake tinayenda limodzi njira yozungulira ija, ine ndikusunga m'foni pokhota paliponse, ndipo ndinaitcha Njira ya Esnala.

Pano ndimapita ndekha ku Limbuli, kutchalitchi ndi kuchipatala. Esnala sajombanso, ndipo amalume aja nkhani yondibweza anaisiya. Foniyo sindiikhulupirira ndi mtima wonse, netiweki imathawa, batire limatha, choncho ndodo sindiisiya. Kukayikira sikunandithere, koma ndikuphunzira kukayikira mkwiyo wanga kaye.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinkapempha, koma anandiimitsa pagomba paja. Ndikuthokozanso a Namakhwa. Inu amene muli mumdima wamtundu uliwonse, musaleke kupemphera, ndipo wokukondani akakuzungulitsani njira yaitali, musathamangire kunena kuti akukunamizani. Mwina mlatho unapitadi ndi madzi. Ambuye akusungeni. Ameni.