Chibangili cha Mayi Osamva

Pa siteji ya ku Lifuwu, msodzi wina ankangoyang'ana chibangili chimene Triza anagwira m'manja.

"Chimenecho n'chachiyani, achemwali?"

"Ndinapangira mayi anga, samva. Ndikawaimbira foni chimanjenjemera pamkono, iwo n'kudziwa kuti akufunidwa."

"Kalembetseni msanga kuboma kuti ndi nzeru zanu, ena angakubereni."

"Ndinayesa, anandikaniza. Owunikawo akuti palibe chachilendo, aliyense akanatha kuchiganiza."

"Komatu sananame. Ifenso panyanjapa, mphepo ikamasokosa, timaitanana pogwedeza chingwe cha khoka. Inu mwangowonjezerapo batire basi."

"Eya, chingwe chinalipo, batire linalipo, nzeru aliyense anali nazo. Nanga bwanji zaka zonsezi, mudzi wonse ukafuna kuwaitana mayi anga, unkawagenda ndi miyala?"