Fupa la pachinena litatseguka

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Azibambo mundikhululukire, ndinena za thupi la munthu wamayi, koma ndi mmene zinalili.

Mwana wanga wachitatu atabadwa, ndinati ndidzuke pabedi la kukiliniki. Miyendo inakana. Ululu unali apa, kunsi kwa mchombo, ngati wina akundiwaza ndi nkhwangwa. Kunyumba ku Budiriro ndinafika atachita kundinyamula.

Masabata atatu ndikukwawa. Kukwawa, abale! Kuchimbudzi kukwawa, pakhomo kukwawa. Ndikati nditembenuke, ndimamva mafupa akukhulana. Apongozi anabwera kuchokera ku Highfield, nandiyang'ana. "Ife pafamu timabereka lero, mkuja tili m'fodya. Iwe ndi ulesi basi." Anzanga ankanditungira madzi kumjigo, kuchibhorani, kenako anatopa.

Kuchipatala chachikulu anandijambula. Adokotala anandionetsa chithunzicho, amvekere, "Mayi, mafupa a m'chiuno ali ngati beseni. Kutsogolo kuno, pachinena, mafupa awiri amakumana, ndipo pali kamnofu kolimba kowagwira. Pobereka amatakasuka pang'ono. Anuwa atseguka mopitirira, onani mpatawu." Anandimanga lamba m'chiuno, nati ndizigona, ndisanyamule kanthu. Ndinafunsa, "Ngakhale mwana?" Anati, "Kumbuyo ayi."

Azimayi, mukundimva inu. Mwana wanga wakulira kumsana kwa mayi woyandikana nafe nyumba. Akalira, ine kutambasula manja, iye kutembenukira kwa mayi uja. Tsiku lina masana ndinauza Mulungu kuti, "Ingonditengani, mwanayu amake ali nawo kale." Ndinanenadi, Abusa. Pakamwa pomwepa.

Bambo a ana anapita ku Joni, mpaka lero zii. Kukazizira m'chiunomu mumawawabe, chidebe sindisenza. Sindinganame m'nyumba ya Mulungu kuti ndachiriratu.

Koma amayi a mpingo uno sanatope. Lachinayi lililonse kudzandisambitsa, kundigwira m'khwapa, phazi limodzi, phazi lina, ine ndikulira. Ndipo m'mawa uno ndatsika kombi ndekha, ndodo ndaisiya kuseri kwa chitseko, mwana akundikoka siketi kuti, "Mhamha, tiyeni."

Zikomo Yesu. Zikomo amayi anga. Ine kuvina sindingathe. Imirirani inu a m'chiuno mwabwino, mundivinire, nthungululu imveke!