Chitsulo Chodikira Madarasa

Zaka ziwiri itatha njala ya fote naini, dziko lino likadali Nyasalande, kunalibe yunivesite ngakhale imodzi, ndipo inu ana anga amene mwabwera ndi makina kudzandijambula mawu poti yunivesite yanu ikukondwerera zaka zake, dziwani kuti ife uphunzitsi tinkauphunzira ku mishoni, kabudula wakhaki, nsapato ayi. Ndamva pa wailesi kuti aphunzitsi anu ndi otchuka, ndipo nandolo amene anafufuza akulimidwa mpaka kuno kwa Kalembo. Ndimanyada nazo, sindikunama. Koma tamverani mmene sukulu inalowera mbali ino.

Nditamaliza maphunziro, ansembe ananditumiza kumudzi wina pafupi ndi Ntaja, kwa anzathu Achisilamu, ndipo anandiuza mosapsatira: "Pakatha miyezi itatu tibwera. Tikadzapeza ana, setifiketi ndi yako. Tikadzapeza zipika zokhalira zokhazokha, sukulu titseka, iwe ukalime thonje."

Tsiku loyamba ana anadzaza pansi pa mango. Ndiye ine, mwana wa Katolika wa ku Balaka, ndinayamba monga anatizoloweza: "Imirirani! Chizindikiro cha mtanda!" Ha! Amayi amene ankasuzumira pampanda anathamanga ngati aona moto padenga, aliyense kukoka wake. Mawa lake ndinaimba chitsulo choitanira ana mpaka mkono kuwawa, koma kunabwera mbuzi zokha. Mukuseka? Ine ndinalira, chifukwa bambo anga anali atalengeza kale mudzi wonse kuti anabereka mphunzitsi.

Patapita milungu ndinadzichepetsa, ndinapita kwa Che Amidu, mwalimu wa madarasa. Anandisiya pamkeka mpaka atamaliza kuwerengetsa ana ake.

"Aphunzitsi, mwadzera mitu ya ana athu kapena chipembedzo chawo?"

"Ndadzera kuti aziwerenga okha makalata a abambo awo a ku Joni."

"Ndiye mtanda wanuwo muzichita kunyumba. Chitsulo muziimba ine ndikawerutsa, ndipo Lachisanu ana ndi a kumzikiti."

Ndinavomera, koma mtima uli m'mwamba, poti ansembe sindinawafunse. Ana anayamba kubwerera pang'onopang'ono.

Tsiku lija litafika, ansembe analawira, njinga yamoto phuphuphu, madarasa asanaweruke. Anayang'ana zipika, anayang'ana ine.

"Imba chitsulo."

"Iyayi, abambo, nthawi sinakwane."

Masiku ano inu mumatsutsana ndi aphunzitsi anu m'kalasi, ndipo amakuyamikirani. Nthawi imeneyo kukaniza wansembe kunali kudzichotsa ntchito wekha. Anafiira khosi lonse, anavala chipewa kuti azipita. Koma ine chitsulo sindinachikhudze.

Kenaka ndinaona Che Amidu akutuluka pakhomo la madarasa ndi kukweza mkono. Ndinaimba, ana inu, ndinaimba! Anabwera mzere wautali, mwalimuyo ali patsogolo atagwira dzanja mwana wake wamkazi, Asiyatu, amene anali asanapondepo pasukulu. Anamukhazika kutsogolo, iye nakhala pachipika chakumbuyo pafupi ndi ansembe.

"Nanga pemphero?" anafunsa ansembe.

"Ndapemphera kale kunyumba, abambo," ndinayankha.

Ansembe anavula chipewa chija n'kutulutsa cholembera. Setifiketi inabwera, ndipo sukuluyo ilipo mpaka lero, ya njerwa tsopano.

Tsono inu a ku yunivesite, nzeru muli nazo zoposa zathu, ndipo tikukondwera nanu. Koma mukalowa m'mudzi ndi mapepala anu, musafulumire. Yambani mwafunsa eni ake kuti ana awo amaweruka nthawi yanji.