Asilikali 48 amene anatsala m'magazi mwanga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse.

Ambiri mumandidziwa. Ndine Nangozo, telala wa pakhonde la sitolo ku Kawale kuno, amene ndimasoka mayunifolomu a ana anu. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakalambira m'tauni muno. Akale a mumpingo uno akukumbuka kuti aka si koyamba ine kuima kutsogolo kuno. Ndinaimapo zaka zapitazo, ndipo zimene ndinanena tsiku limenelo sizinali zoona.

Ine mowa sindinamwepo. Tchimo langa linali kunyada. Ndinkafika m'tchalitchi woyamba, ndinkatsogolera nyimbo, ndinkasala kudya kuposa aliyense, ndipo ndinkafuna kuti anthu aziona. Mayi wina akayamba kuwonda, ndinkamuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, mumtima ndili, "Ameneyu ndi zochita zake."

Kenako mwamuna wanga anamwalira, atadwala nthawi yaitali. Dzina la matendawo panalibe amene analitchula pamaliro. Patapita miyezi iwiri ndinapita kukayezetsa, ndekhandekha, kuchipatala chakutali kuti ndisakumane ndi wondidziwa. Anandipeza ndi kachilombo ka HIV. Ananditenganso magazi ena, n'kundiuza kuti ndibwere pakatha sabata. Sabata imeneyo ndinasala kudya masiku atatu.

Nditabwerera, adokotala anayang'ana pepala n'kunena kuti, "Amayi, CD4 yanu ndi 720. Chitetezo cha m'thupi mwanu chidakali bwino. Simuyamba mankhwala panopa."

Nthawi imeneyo ndi mmene zinkayendera. Munthu ankayamba ma ARV pokhapokha chitetezo chake chikatsika kufika pamlingo winawake. Adokotalawo anawonjezera kuti ndizibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kudzayezetsanso. Mawu amenewo ndinawasiya pomwepo. Ndinatola okhawo amene ndinkafuna: chitetezo chili bwino, simuyamba mankhwala. Kuti CD4 n'chiyani, sindinafunse. Munthu ngati ine ndikanafunsa bwanji?

Ndili m'minibasi pobwerera, chinthu chimene ndinkabisa chija chinasanduka chonyadira. Lamlungu lotsatira ndinaima pano n'kulengeza kuti ndinali ndi kachilombo, ndasala masiku atatu, ndipo madokotala andibweza opanda mankhwala chifukwa ndachira. Munawomba m'manja. Ena munalira. Ine ndinatsika pano ndikudzimva kuti ndine woposa nonse. Buku langa la kuchipatala ndinaliika pansi pa sutikesi, ndipo sindinapiteko zaka zisanu ndi ziwiri.

Thupi linkandichenjeza, koma sindinkamva. Ndinatuluka mashingozi m'nthiti, ndinati ndi kutentha. M'kamwa munayera ndi zilonda, ndinati ndi mayesero. Kenako chifuwa chosatha. Nditayamba kuwonda, ndinkatenga madiresi anga omwe n'kumawachepetsa pamakina kuti musazindikire. Diresi limodzi ndinalichepetsa katatu.

Tsiku lina masana, ndikusoka siketi ya mwana wasukulu, phazi langa linakana kupondereza makina. Ndinayesanso. Linakana. Ndinangoweramira pansalupo, mpweya ukuvuta kutuluka.

Amene anandidzutsa anali Anajere, mayi amene kale tinkaimba naye kwaya. Anasamukira ku Mgona n'kusiya kubwera kuno, ndipo ine ndinkati wabwerera m'mbuyo pachikhulupiriro. Tsikulo anabwera dala kudzandiona, atamva kwa anthu kuti ndatha thupi. Sanandifunse maganizo anga. Anaimitsa kabaza wa njinga yamoto, n'kundikhazika pakati, iye kumbuyo atandikumbatira kuti ndisagwe.

Kuchipatala anandigoneka. Anandipeza ndi TB. Anayezanso CD4, ndipo m'mawa mwake namwino wina wachikulire anabwera ndi pepala, n'kukhala m'mphepete mwa bedi langa.

"Amayi, CD4 yanu ndi 48. Mukudziwa tanthauzo lake?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinayankha kuti, "Sindikudziwa. Ndiuzeni."

Anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Nditamuuza, anati, "Ndiye mutu wa pini mumaudziwa. Ganizirani kadontho ka magazi kakang'ono ngati kameneko. M'kadontho kameneko muli asilikali oteteza thupi, osaoneka ndi maso. Ena mwa iwo ndi amene timawatchula kuti CD4. Ntchito yawo ndi kuzindikira matenda akalowa, n'kuitana anzawo kuti abwere kudzamenyana nawo. Munthu wabwinobwino amakhala nawo kuyambira 500 kupita m'mwamba m'kadontho kamodzi. Akatsika n'kuchepera 200, matenda aliwonse amangolowa. Kachilomboka kamasaka asilikali amenewa, kamalowa mkati mwawo, kamaswana momwemo, n'kuwapha."

Ndinati, "Koma anandiuza kuti ndili ndi 720, chitetezo chili bwino."

"Sananame. Tsiku limenelo munali nawo ambiri. Koma nambala imeneyi siwerenga kachilombo, amayi, imawerenga asilikali amene atsala. Kachilomboko kanali momwemo, kakudya tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake masiku ano sitidikiranso kuti nambala itsike. Munthu akangopezeka nako, amayamba mankhwala, kaya ali ndi 900, kaya akuoneka wonenepa bwanji."

Abale, namwino uja atachoka ndinakweza dzanja langa n'kumaliyang'ana. Linali mafupa okhaokha, mitsempha ikuonekera. Zaka zonsezi ndinkayenda ndi khamu la asilikali m'thupi mwanga, amene Mulungu anawaika mmenemo ndisanadziwe n'komwe kulankhula. Ankandimenyera nkhondo ine ndikusoka, ndikuimba, ndikunyoza anzanga. Ankafa mmodzimmodzi, ine osadziwa. Ndipo 48 amenewo, m'kadontho kalikonse, anali adakaimabe. Ndinkafunafuna chozizwitsa choti ndikachionetse kwa anthu, pamene chozizwitsa chenicheni chinali m'magazi mwanga, chikugwira ntchito mwakachetechete. Ndinachita mantha ndi ukulu wa Mlengi kuposa mmene ndinachitirapo pa tsiku lililonse losala kudya.

Masana ake Anajere anabwera ndi phala m'fulasiki. Ndinayamba kumufotokozera zimene ndinamva, koma anandidula.

"Lankhulirani mbali iyi, Anangozo. Khutu ilo silimva."

Ndinamufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Anayamba wandimwetsa masipuni angapo, kenako anati, "Tsiku munachitira umboni lija ine ndinalipo. Ndinali nditamwa ma ARV chaka chathunthu mobisa. Nditakumvani ndinati, ndiye kuti ine chikhulupiriro changa n'chochepa. Ndinakafika kunyumba n'kuwataya m'chimbudzi. Patatha miyezi isanu ndi itatu ndinadwala matenda oumitsa khosi. Ndinatsala pang'ono kupita. Khutuli linathera pamenepo."

Ndinafuna kuti nthaka itseguke.

Ndinati, "Nanga mwandinyamuliranji? Bwanji simunandisiye?"

Iye anati, "Ndinakukwiyirani zaka zitatu. Kenako ndinaganiza kuti mayi uja nayenso ali panjira yomweyi, kungoti sakudziwa. Yasamani, phala likuzizira."

Pamenepo ndi pamene ndinatembenuka mtima. Ndinakhala m'tchalitchi kuyambira ubwana wanga, koma Yesu ndinakumana naye pabedi la m'chipatala, kudzera mwa mayi amene ndinamugonthetsa khutu ndi pakamwa panga. Ndinalira ngati mwana. Ndinapempha Anajere kuti andikhululukire, ndipo tinapemphera limodzi, iye atatembenuzira khutu labwinolo kwa ine. Pemphero langa linali lalifupi. Ndinangoti, "Ambuye, ndinanama m'dzina lanu. Ndikhululukireni. Ndiphunzitseni kumvera."

Anandiyambitsa mankhwala a TB, ndipo patapita masiku angapo ma ARV. Sikunali kophweka. Masabata oyamba ndinkachita chizungulire, chakudya sichinkakoma, ndipo masiku ena ndinkaona ngati ndikudwala kuposa kale. Namwino uja ankati ndisaleke, thupi likudzuka. Ndipo linadzukadi. Zilonda za m'kamwa zinapola. Chifuwa chinatha. Tsiku lina ndinayenda ndekha kuchoka kunyumba mpaka kumsika, ndipo nditafika ndinangoima pakati pa ogulitsa tomato n'kumaseka ndekha.

Patatha chaka ndinapempha kuti andiyezenso CD4. Inali itakwera kupitirira 300. Tangoganizani, abale. Thupi limene ndinalitaya zaka zisanu ndi ziwiri linayambanso kupanga asilikali atsopano, litangopatsidwa mpata. Ndani anaphunzitsa magazi kuchita zimenezi?

Masiku ano chimene amandiyeza kawirikawiri ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Ulendo wathawu anandiuza kuti n'kochepa kwambiri moti makina sakukaona. Mundimvetse bwino, chifukwa ndinakusocheretsanipo kale. Sindinachire. Kachilomboko kalipo, kangoponderezedwa ndi mankhwala. Nditati ndisiye, kadzukanso. Ndimamwa piritsi langa m'mawa uliwonse, ndipo ndisanameze ndimayamika, monga mmene timayamikira chakudya. Amene anapatsa anthu nzeru zowerengera tinthu tosaoneka m'kadontho ka magazi ndi Mulungu yemweyo amene timamuimbira muno.

Ngati muno muli wina amene anamva umboni wanga woyamba uja n'kuchedwa kupita kuchipatala, ndikugwada pamaso panu. Ndikhululukireni. Ena amene anandimva tsiku lija mwina anagona kale kumanda, ndipo zimenezo ndimazisenza tsiku lililonse. Ndi chifundo cha Ambuye chokha chimene chimandiimika.

Alemekezeke Mulungu amene sanandilange monga mwa mawu anga. Alemekezeke amene anasunga mpweya wanga pamene ine ndinkausewera.

Tsono iwe mbale wanga, iwe mlongo wanga, amene unayezetsa n'kubisa pepala chifukwa ukudzimva wamphamvu, usadikire kuti ugwe. Mphamvu ukuzimvazo ndi asilikali ako amene adakalipo. Athandize adakali ambiri. Ndipo iwe amene sunayezetsepo, pita ukadziwe. Pemphera, ndipo upite.

Lachiwiri likubwerali ndi tsiku langa lokatenga mankhwala. Ndidzanyamuka pa geti la tchalitchi chino 7 koloko m'mawa. Ngati ukuopa kupita wekha, udzangoima pamenepo. Sindidzakufunsa kanthu. Tidzayenda limodzi.

Amen.