Tabuleti ya Nyumba Nambala 14

— Halo?

— Halo, Yande? Ni ine Juliet.

— Aa, ba sisi! Mwauka bwanji?

— Nauka bwino, kaya iwe?

— Tauka. Ku Estates kuli bwanji? Ba mulamu ba Humphrey?

— Bali bwino. Ku Shimabala? Matimati?

— Yapsa yonse pamodzi, mtengo wagwa. Nanga mwana wanga Jethro, sukulu ya ku Lusaka imuyendera?

— Imuyendera. Iwe, tokotaimu yanga ni yochepa. Dzulo ninamuona Mapalo wako pa siteshoni. Tabuleti m'manja, kuyenda monga manejala wa banki.

— Hehe! Sayiika pansi uja, olo pakudya.

— Kumbuyo kwake balemba nambala na penti yoyera. Fotini. Nyumba yanga.

— Ee, ni mwamene banakambira ku miting'i ya sukulu. Nyumba iliyonse yolipira msonkho, tabuleti imodzi, kwa mwana wolembedwa pa nyumba iyo.

— Wolipira msonkho ni ndani?

— Ni imwe, ba sisi, koma...

— Ni ine! Mwezi na mwezi, K150 pamwamba pa msonkho wa nyumba, zaka zisanu, kuti komiti ya sukulu ibweze ngongole ya makompyuta. Iwe ulipira chani? Khasu?

— Koma ni imwe munakamba kuti nimulembetse pa adilesi yanu, pakuti sukulu ija sitenga bana bakutali. Munasaina mweka kuti ni mwana wa m'nyumba mwanu.

— Nthawi ija kunalibe matabuleti! Kunali choko chabe na madesiki yothyoka.

— Ndiye chifukwa munapereka Jethro ku sukulu yolipira. Munati ya ku Estates ni ya ise bogulitsa matimati.

— Sininakambe choncho ine.

— Munakamba, pa ukwati wa Eunice, mwanyamula na mbale ya keke.

— Halo? Udukaduka. Choka m'munda, kwera pa chulu.

— Nakwera. Munimva manje?

— Nikumva. Namvanso kuti dzina lako lili pa khoma la chipinda cha makompyuta. Zilembo zikulu.

— Si langa chabe. Bonse bamene banagula mabondi.

— Iwe unagula bondi?

— Yatatu. Ba komiti banabwera ku tchalitchi, banati ubabwereka ndalama, bakupatsa pepala, chaka na chaka babweza na kaphindu pamwamba. Ninakuitanani, munati ni zakuba.

— Manje ndalama yokubwezera ichokera kuti?

— Ku... ku msonkho wa manyumba.

— Bwereza.

— Ba sisi...

— Ndiye kuti ine niimirira mu saluni tsiku lonse, kuluka mitu ya banthu mpaka vikumo va m'manja kutupa, kuti nilipire iwe? Tabuleti kwa mwana wako, kaphindu kwa iwe, dzina pa khoma. Ine risiti!

— Sininaganize choncho.

— Ine naganiza. Chiniwawa, Yande, sinibisa. Ninakusambika ine uli mwana, nsapato zako zoyamba ninagula ine. Lero nikapita pa sukulu paja niwerenga dzina lako, langa palibe. Nsanje nili nayo, yodzala mtima.

— Pepani.

— Pepani sinidya. Mande nipita kwa ba hedi. Mapalo achoke pa nyumba yanga, tabuleti ibwere kuno.

— Ba sisi! Akachoka pa adilesi yanu, na malo ataya! Alemba mayeso mu Novembala, na ya kompyuta ilipo. Azalembera kuti?

— Nyumba ni yanga.

— Koma Jethro ali na makompyuta ku sukulu kwake. Mumatiuza kuti mwana aliyense ali na yake.

— Nifuna chabe ikhale m'nyumba.

— Ikhale ya ndani?

— Iwe, usanifunse monga wapolisi.

— Ba sisi, Jethro sapita ku sukulu kuchokera mu Meyi.

— Wakuuza bodza ni ndani?

— Banamubweza chifukwa cha mafizi, pamene nchito ya ba mulamu inasila ku fakitale. M'mawa mumuvalika bulezara na tayi kuti maneba baone, mumupatsa ya basi, mumuuza akataye nthawi mu Lusaka mpaka madzulo.

— Yande...

— Safika ku Lusaka. Aseluka basi pano pa Shimabala. Tsiku loyamba ninamupeza kumbuyo kwa makiredi ya matimati, alira.

— Miyezi inayi, iwe uli chete?

— Ananipempha. Anati ba mayo bakadziwa kuti mwadziwa, bazadwala na manyazi. Mapalo alowa sukulu masana, ndiye m'mawa monse tabuleti ili na Jethro. Mapepala ya mayeso ya masamu wasiliza yonse. Amuphunzitsa na Mapalo.

— Ndiye bonse ku Shimabala baseka ine.

— Palibe adziwa. Bulezara avula pa geti, nimusungira mu wodilopu.

— Dzulo unanipatsa moni ku msika monga kulibe kanthu. Na lero wayamba na kufunsa za sukulu ya ku Lusaka!

— Ninali kuyembekeza mukambe mweka. Malo ya giredi leveni yalipo pa sukulu ya Mapalo, ninafunsa. Nyumba imodzi ingalembetse bana babili, tabuleti chabe ndiye imodzi. Kaphindu ka chaka chino ninasunga ka yunifomu yake.

— Ndalama yanga yomwe.

— Yanu yomwe, ee. Yazungulira chabe.

— Usaniseke.

— Siniseka. Ali apa pansi pa mtengo wa mango, alemba. Nimupatse foni?

— Iyayi! Usamupatse. Wadya?

— Wadya. Kandolo na tiyi.

— Sakonda shuga yambiri.

— Nidziwa. Manje Mande mupita kwa ba hedi?

— Nipita.

— Ba sisi, chonde, napapata...

— Kukalembetsa Jethro, iwe! Mapalo akhale pamene ali. Koma pa Sondo tabuleti igone kuno, maneba baione.

— Izagona. Zikomo, ba sisi, Mulungu...

— Leka vambiri, foni yalira kuti tokotaimu yasila. Umuuze abwere masana, bulezara aike m'chola. Yande!

— Ee, ba sisi?

— Mabondi yaja yakalipo?

— Banati yazabwera yena mu Januwale, ya magetsi ya sola.

— Unati unagula yangati?

— Yatatu.

— Ine nizagula yanayi. Dzina langa likhale pamwamba pa lako.

— Na ndalama iti, ba sisi? Halo? Ba sisi? Halo?