Mayi Dyness Mukupa ndi opaleshoni imene anaithawa

Malemu athu, Mayi Dyness Mukupa, anabadwa pa 9 Ogasiti 1957 ku Matero. Anali oyamba mwa ana atatu a Bambo Chabwera Kachingwe, amene anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine Isaac Kachingwe, mlongo wawo wamng'ono. Abusa, achibale, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, mundipirire ngati mawu andithere panjira.

Sukulu anayamba mu 1964, koma anailekeza mu Giredi 5. M'chaka cha 1968 bambo athu anavulala msana ponyamula zitsulo. Kuchipatala anawang'amba kuyambira pakati pa msana mpaka m'chiuno. Anapita akuyenda okha, anabwerako atanyamulidwa, ndipo sanaimenso mpaka pamene anatisiya mu 1971. Amene ankawatembenuza pamphasa ndi kuwatsuka balalo ndi amene agona apawa, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha.

Mu 1978 anamanga banja ndi Bambo Rex Mukupa, nakhazikika kuno ku komboni ya George. Mu 1995, kampani ya boma imene Bambo Mukupa ankagwirako ntchito itatsekedwa, malemu anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku msika wa Soweto. Sankadikira a wilibala. Belo ankasenza okha pamutu kuti afike msanga, makasitomala asanapite kwa ena. Ana onse anaphunzira ndi mabelo amenewo.

Chakumapeto kwa 2003 anayamba kumva ululu wochokera m'chiuno, wotsika mwendo wakumanzere ngati waya wamoto. Kenako phazi linayamba kuchita dzanzi. Patapata inkavuka panjira iwo osadziwa, anthu n'kumawathamangira nayo.

Mu Febuluwale 2004 anawajambula msana. Adokotala anatifotokozera kuti kanyama kofewa kamene kamakhala pakati pa mafupa a msana katuluka pamalo pake, ndipo kakupana mtsempha. Anati mu Juni kubwera madokotala akunja ndi njira yatsopano: sang'amba msana wonse, amangoboola kabala kochepa ngati batani la jekete, n'kulowetsamo kachubu kokhala ndi getsi ndi kamera, n'kuchotsa kanyamako akuyang'ana pa kanema. Malemu anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo, ndipo anayankha m'chinyanja chathu cha m'tauni: "Ba dokota, ivo vinthu ninaviona kudala. Batate banangena muchipatala na mendo yabo."

Tinawanyengerera mpaka anavomera. Pa 8 Juni 2004 anavekedwa chovala chobiriwira, nagonekedwa pa kabedi ka mawilo. Namwino atatembenuka kukatenga mapepala, malemu anatsika, namanga chitenje pamwamba pa chovalacho, nakoka mwendo wawo mpaka pamsewu. Tinawafunafuna tsiku lonse, tikuyang'ana ngakhale m'ngalande. Madzulo ndithu ndi pamene tinawapeza ku Marapodi, kwa mnzawo wa kumsika Mayi Vera Ngosa, atakhala kuseri kwa chitseko. Madokotala aja anabwerera kwawo. Ine ndinawakalipira tsiku limenelo, ndipo mawu amene ndinanena amandiwawa mpaka lero.

Panapita miyezi khumi ndi inayi. Anatemedwa mphini, anapemphereredwa, anapakidwa zopakapaka. Tsiku lina mu Ogasiti 2005, ali pamalonda awo, Mayi Ngosa anawanong'oneza kuti chitenje chawo chanyowa. Malemu sanamve n'komwe kuti mkodzo watuluka. Pofika mlungu wotsatira dzanzi linali litagwira miyendo yonse iwiri. Anandiitana, nandigwira dzanja mwamphamvu. "Isaac, mpeni niuyopa. Koma ichi nichiyopa maningi. Nipeleke."

Mwa chisomo, madokotala aja anabweranso mu Seputembala. Malemu ankadziwa kulemba, koma dzanja linanjenjemera mwakuti pa chikalata chovomereza anangodinda chala. Anali atagawa kale zitenje zawo kwa ana aakazi. Pa 14 Seputembala, powalowetsa, anagwira chitsulo cha kabedi kaja kolimba mpaka namwino anachita kumasula zala chimodzichimodzi. Ine ndi alamu anga Bambo Mukupa tinakhala pa benchi maola awiri. Chitseko chikangotseguka tinkaimirira tonse.

M'mawa mwake malemu anaimirira atagwiriziridwa ndi namwino. Ululu uja unali utachoka. Anapempha magalasi awiri kuti adzione kumbuyo, ndipo ataona kapulasitala kamodzi kokha anakana kukhulupirira. Ankati madokotala awanamiza, sanawachite kanthu. Tinaseka misozi ikutsika. Koma adokotala anatitengera pambali natiuza kuti mtsempha wopita ku chikhodzodzo unapanidwa nthawi yaitali, ndipo mwina sudzagwiranso ntchito.

Zinaterodi. Malemu anakhala ndi kachubu ka mkodzo, ndipo matenda ankalowa pafupipafupi mpaka anafika ku impso. Thupi lawo likangotentha pang'ono, nyumba yonse inkati zii, ana n'kumayenda monyang'ama. Kasanu konse tinathamangira nawo kuchipatala n'kubwerako. Ulendo wachisanu ndi chimodzi sitinabwere nawo. Anatisiya Loweruka pa 3 Malichi 2007, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 49.

Tamva zonong'ona m'komboni muno kuti opaleshoni ndiyo yawapha. Banja likuti ayi. Opaleshoniyo inawapatsa miyezi khumi ndi isanu ndi iwiri yoyenda okha ndi ndodo kupita ku Chigwirizano cha amayi. Ndipo pasapezeke wonena kuti anali amantha chabe. Amene sanatsukepo bala la bambo ake asaweruze. Amayi a kumsika mukudziwa kuti aliyense wodandaula msana, malemu ankamulowetsa kuchipinda n'kumuonetsa kachipsera kawo, n'kumuuza kuti asachedwe monga anachedwera iwo.

Asiya amuna awo Bambo Rex Mukupa, ana atatu, Taonga, Luyando ndi Abraham, adzukulu asanu, ndi ife alongo awo awiri. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a Chigwirizano, anzawo a salaula, anamwino amene sanatope nafe, komanso Mayi Ngosa, amene sanachoke pambali pawo m'masiku otsiriza.

Pali pempho limodzi limene malemu anasiya. Anati bokosi lawo lisanyamulidwe ndi anthu anayi koma asanu ndi atatu, ndipo ponyamulapo apinde maondo, asaweramitse msana. Anyamata amene mutiperekeze ku manda a Chingwere, chonde muchite monga ananenera.

Achemwali, palibenso choopa kumene mwapitako. Mzimu wanu uuse mu mtendere.