Windo la a Radisav

Fakitale itatsekedwa, a Radisav anagula makina osemera zitsulo omwe anakalambira nawo pantchito, chimphona cholemera ngati ng'ombe ziwiri. Loweruka lina anaitana mlamu wawo, a Dobrivoje, kuti abwere ndi thirakitala awatsitsire m'chipinda chapansi pa nyumba. Anazula chitseko cha chipindacho n'kuchigoneka pamasitepe kuti makinawo atsetserekerepo, chingwe anachimanga kuthirakitala, eni ake n'kutsikira pansi kukalandira katundu wawo.

Kwathu kuno munthu amamwa kachasu wa mapulamu asanasukusule, fodya sachoka pakamwa, nkhondo anaziona, koma mutsegulireni khomo ndi windo nthawi imodzi muone liwiro lake. Mphepo yodutsa pakati ija timaitcha puromaya, ndipo a Radisav ankaiopa kuposa china chilichonse. Kawindo kamodzi kokha ka chipindacho anachita kukakhomera thabwa chakunja.

"Alamu, musanalize thirakitala, lumbirani," anakuwa ali pansi. "Windo ili lisatsegulidwe khomo lili pululu. Ngakhale ndilire bwanji."

A Dobrivoje anavula chipewa, nadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Ndalumbira." Anali munthu woti ukamuuza kuti dikira pano, umam'peza pomwepo chaka chamawa.

Makina anayamba kutsika bwinobwino. Atafika pakati, chingwe chinangoti phaa! Chimphona chija chinatsetsereka, n'kukakamira m'makoma a masitepe chitapendekera kwa mwini wake. Chipindacho n'chaching'ono, migolo ya kabichi woviika m'madzi a mchere mbali zonse. Makinawo akanati agwe, pothawira panalibe, ndipo a Radisav anagwidwa ndi mantha enieni.

"Alamu! Muli moyo?"

"Zulani thabwa pawindopo nditulukirepo! Changu!"

"Khomo lili pululu."

"Khomo lake liti? Si latsekeka ndi makina ili?"

A Dobrivoje anagwada, ananyowetsa chala ndi malovu, n'kuchipisa pambali pa makina. "Mpata ulipo. Mphepo ikulowa."

"Kampata kameneko n'kachiyani inu?"

"Munanena nokha kuti yopyapyala ndiye yakupha. Si imene inapinda pakamwa pa amalume anu?"

"Amalume anapindika ndi kachasu!"

"Ayi, pamaliro paja munati linali windo la basi. Anthu analira."

Chitseko chinalira kuti kwee pansi pa makina. Dothi linayoyokera pamutu pa a Radisav.

"Tamverani, a Dobrivoje, mlamu wanga wabwino. Lumbiro lija ndalichotsa. Mwamasuka."

"Munati ngakhale mulire bwanji. Ndiyetu kulira kwake n'kumeneku."

"Sindikulira ine!"

"Ooh, ndiye zili bwino. Ndimayesa mwapanikizika."

"Ndapanikizika, munthu iwe!"

"Musati iwe, ndine bambo wa ana atatu." Anakanda m'mutu. "Koma njira ilipo. Ndikabwezeretsa chitseko pamalo pake, windo ndikhoza kutsegula."

A Radisav asanamvetse, anangoona makina akugwedera.

"Mukutani kumeneko?"

"Ndikusolola chitseko."

"Siyani! Mayo ine! Ndi chimene chagwira makinawa!"

"Nanga nditseka ndi chiyani?"

"Chilichonse! Vulani jekete mutseke mpatawo!"

"Ndivule jekete ndili thukuta kamukamu, panja pano? Mukufuna mlongo wanu akhale wamasiye?"

Mawuwo anali oona ndithu, a Radisav nawonso sakanavula. Ali chiganizire, chinthu chinagwera pamapazi awo kuchokera pampata paja.

"Ichi n'chiyani?"

"Chipewa chaubweya. Valani, mutu wanuwo ulibe tsitsi."

"Chitsulo chikandigwera, chipewa chithandiza chiyani?"

"Chitsulo sichinagwe. Mphepo ndiye ikulowa panopa."

A Radisav anatukwana, koma anavala.

A Dobrivoje anapita kukhola la nkhumba, anabwerako ndi masaka akale, n'kuyamba kuwakanikizira m'mipata. Kumene saka linakana kulowa, ankaliponda ndi jombo. Kuponda kulikonse makina ankasendera pansi pang'ono.

"Mukuwakankha! Mukuwakankhira kwa ine!"

"Ndikutseka. Mwati nditseke."

"Tsekani ndi manja!"

"Ndi manja sizikhwima. Ikhoza kupeza polowera."

Mipata itatha, anaiyesa yonse ndi chala chonyowa, umodziumodzi, ndipo atakhutira anazungulira nyumba kupita kuwindo. A Radisav anali atakwera kale pamgolo wa kabichi, mphuno ili pagalasi. Anamva msomali woyamba ukuzuka. Kenako go, go, go, pamwala.

"Chatsalanso n'chiyani?"

"Ndikuwongola msomali."

"Mukuwongola chiyani?"

"Ndi wabwinobwino uwu. Misomali ya kale, masiku ano simungaipeze."

"Tayani! Ndikugulirani thumba lonse!"

"Ya masiku ano imapinda," anatero a Dobrivoje, go, go, go.

Thabwa litachoka, a Radisav anakankha windo, anatulutsa mutu, mikono, chifuwa. Mimba inakana. Mimba ya munthu wopuma pantchito simvera zadzidzidzi. Anafinyika, anapuma motulutsa mpweya wonse, malaya anakwinyikira kukhosi, koma anangokhala ngati chitsekerero cha botolo, theka panja theka m'kati.

"Kokani!"

"Ndikoke mikono kapena mutu?"

"Chilichonse chimene mwagwira!"

Nthawi yomweyo chitseko chija chinatopa. Kunamveka kuthyoka kwa matabwa, kenako chiphokoso choti agalu a mudzi wonse anayamba kuuwa. Mgolo umene anapondapo unaphwanyika, madzi a kabichi anawathovukira m'miyendo, mapazi anatsala akupalasa m'malere. A Radisav anatsinzina, akudikira ululu. Sunabwere. Anagwedeza zala zakumapazi, zonse zinayankha, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Alamu," anatero, "kaoneni makina anga."

A Dobrivoje anapita, anabwerera. "Aima chilili. Pakati penipeni. Kabichi yekha ndiye wapita."

"Mulungu ndi wamkulu."

"Eya. Bweretsani mikono tsopano." Anaponda khoma ndi jombo, anagwira zolimba, n'kuyamba kukoka. Mimba inayamba kugonja pang'onopang'ono.

Ndipamene a Radisav anamva kanthu kozizira kakuwasisita pamsana, pomwe malaya anasiya poyera.

"Taimani. Taimani kaye! Pakhomo pali bwanji?"

"Pululu. Masaka agwa nawo limodzi."

"Ndiye ine ndikachoka pawindo pano?"

A Dobrivoje anasiya mikono, nkhope itagwa. "Idutsa. Yonse. Ndipo woyamba kukumana nayo ndinu, thukuta limenelo."

"Chitseko?"

"Nkhuni zokhazokha."

"Kalipentala?"

"Wapita ku ukwati. Abwera Lolemba."

A Radisav anakokera chipewa m'makutu, anadzibweza m'mbuyo mpaka mimba inakhalanso bwino m'malo mwake.

"Ndiye mumakoka chiyani, mukufuna kundipha? Lowani mukandifunditse bulangete kumsanaku. Tikoka Lolemba."